Kudwazika matenda a mgonagona osataya chiyembekezo mwa Mulungu

Ndikulembera inu amene muli ndi wodwala m'nyumba, kapena amene mukugona pasimenti m'wodi mutayala chitenje pafupi ndi bedi la m'bale wanu. Matenda a sabata imodzi kapena ziwiri savuta kwenikweni, chifukwa abale amabwera, mpingo umabwera, foni imangolira. Amene ndikunena ine ndi matenda a mgonagona, aja oti miyezi ikamapita anthu amaleka kufunsa, inu n'kutsala nokha ndi beseni, sopo ndi mafunso osayankhika. Ine ndine mayi wa Mvano. Ndinadwazika bambo a kunyumba kwanga atagwa ndi sitiroko, mbali ya kumanja itafa ziwalo, pakamwa patapotoka. Zimene ndilembe pano ndi zimene zinandilimbitsa, komanso zimene ndaona zikuthandiza ena amene timawayendera m'makomo.

Choyamba dziwani chimene mukuyembekezera. Anthu ambiri chikhulupiriro chawo chimagwa chifukwa anauzidwa kuti kuyembekeza Mulungu ndiko kunena kuti wodwala adzuka pofika Khirisimasi. Khirisimasi ikadutsa wodwala ali chigonere, amayamba kuganiza kuti mwina Mulungu wanama, kapena iwowo ndi amene sanakhulupirire mokwanira. Zonse ziwirizi ndi zabodza. Tsegulani Danieli 3:17-18. Sadirake, Mesake ndi Abedinego ataimirira pamaso pa mfumu Nebukadinezara, ng'anjo ikuyaka, ananena kuti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa, koma ngakhale atapanda kutero, iwo sagwadira fano. Anagwira zonse ziwiri nthawi imodzi. Paulo nayenso anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo sunachoke. Anayankhidwa kuti chisomo chikumukwanira (2 Akorinto 12:7-9). Kodi tinganene kuti Paulo analibe chikhulupiriro?

Pemphererani machiritso, ndipo pempherani molimba mtima, tsiku lililonse. Koma mtima wanu muukhazike pa zimene Mulungu analonjezadi: kuti sakusiyani, kuti akumva, ndi kuti Yesu anauka kwa akufa, motero matendawa sindiwo adzakhale ndi mawu omaliza pa m'bale wanuyo. Tsiku lochira sanalonjeze. Aliyense wokuuzani tsiku akulankhula za m'mutu mwake.

Pempherani zimene zili mumtima, ngakhale zili zowawa

Tinakula tikuphunzitsidwa kuti pemphero limayamba ndi kuthokoza, ndipo n'zoona. Koma kuli usiku wina umene wodwala wabuula mpaka nkhuku kulira, mwasintha zofunda kawiri, madzi atha mundowa, ndipo mawu othokoza sakubwera. Usiku wotere musadzikakamize kunama pamaso pa Mulungu. Iye anatisiyira mapemphero a anthu otopa. Salimo 13 likufunsa kuti "kufikira liti?" kanayi m'mavesi awiri oyambirira okha. Salimo 88 limayamba ndi kulira ndipo limathera mumdima, popanda vesi lotonthoza kumapeto, koma lili m'Baibulo lomwelo limene abusa amalalikira. Ambuye Yesu ali pamtanda anafuula mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa chifukwa chimene Mulungu wawasiyira.

Chitani chonchi. Ikani Baibulo pafupi ndi pamene mumagona, kaya ndi Buku Lopatulika lija la 1922 limene agogo athu ankawerenga, kaya ndi Buku Loyera, kaya lili pafoni. Tulo tikakana, werengani limodzi la masalimo amenewa mokweza pang'ono, kuti makutu anu amve. Pamene pali "ine", nthawi zina ikanipo dzina la wodwalayo. Mukafika pa vesi limene lakukhudzani, imani pomwepo, mulibwereze, mulire ngati misozi ikubwera. Wodandaula kwa Mulungu akadali naye pa ubale, chifukwa munthu sudandaulira munthu amene wamutaya.

Masiku ena ngakhale kuwerenga kumakanika. Aroma 8:26 akuti sitidziwa kupemphera monga kuyenera, koma Mzimu amatipempherera ndi mabuulo osaneneka. Pa masiku otero ine ndinkangoti "Ambuye, mundigwire" ndikukoleza mbaula, ndikuchapa, ndikutakasa phala. Limenelo ndi pemphero lathunthu, musalipeputse.

Idyani, gonani, ndipo lolani kunyamulidwa

Odwazika ambiri amadwala iwo eni chifukwa amaona ngati kudya bwino m'bale ali chigonere ndi kusakonda. Ena amawonjezera kusala kudya kwa masiku, thupi lili lotheratu kale. Werengani 1 Mafumu 19. Eliya anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa mtengo, napempha kuti angofa. Mulungu sanamudzudzule. Anamutumizira mngelo ndi mkate ndi madzi, namuuza kuti adzuke adye, ndipo anatero kawiri, pakati pake Eliya atagonanso. Zolankhula zinabwera pambuyo. Munthu wanjala ndi wosagona amaona zonse zakuda, ndipo amayamba kuganiza kuti chikhulupiriro chatha pamene chatha ndi mphamvu ya thupi. Kusala kudya asale ena a mumpingo m'malo mwanu. Inu amene mukunyamula munthu wamkulu kupita naye kubafa, idyani nsima.

Mutu umodzi susenza denga. Vuto n'lakuti anthu akabwera amati "mukafuna chilichonse mutiuze", ndipo ife chifukwa cha manyazi timayankha kuti tili bwino. Lekani kuyankha choncho. Tchulani chinthu chenicheni. Uzani mlamu wanu kuti Loweruka lililonse azibwera kudzakhala ndi wodwala kuyambira m'mawa mpaka masana kuti inu mugone. Uzani mnansi amene ali ndi galimoto tsiku la sikelo kapena la mafizo. Wa ku Joni kapena ku UK amene amangoimba foni, muuzeni mtengo wa matewera a akuluakulu ndi nambala yanu ya Airtel Money kapena Mpamba. Anthu ambiri amafuna kuthandiza, kungoti sadziwa poyambira.

Kumpingo nakonso musadikire kuti amva okha. Pitani kwa mkulu wa mpingo wa kudera kwanu, kapena kwa atsogoleri a mphakati ngati ndinu Akatolika, mukanene kuti kunyumba kuli matenda ndipo mukufuna mapemphero azichitikira kwanu nthawi zina. Pemphaninso kuti abusa kapena ansembe abwere ndi Mgonero kwa wodwala. Pa Marko 2, munthu wofa ziwalo anafika kwa Yesu atanyamulidwa ndi anzake anayi amene anasasula denga, ndipo Marko akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo, cha onyamulawo. Pali nyengo imene chikhulupiriro chanu chimachepa, ndipo cha anzanu ndicho chimakufikitsani. Zimenezo n'zololedwa. Mpingo unakhazikitsidwira zomwezo.

Funso loti "watichita ndani?"

Apa ndichedwepo, chifukwa mabanja ambiri amapasukira pamenepa. Matenda akatalika, sipalephera kubwera wachibale amene amakukokerani pambali n'kunong'oneza kuti izi si zabwinobwino, tikaombeze. Wina amabwera ndi Baibulo m'manja n'kunena kuti pali tchimo limene silinaululidwe. Onse awiri akufuna chinthu chimodzi, kupeza munthu womuloza chala. Ndikuwamvetsa, chifukwa mavuto opanda mwini wake amawawa kwambiri. Koma njira imeneyo siichotsa ululu, imangowonjezera chidani pamwamba pa matenda.

Yesu anafunsidwa funso lomweli. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake, ndipo Yesu anati palibe (Yohane 9:1-3). Pa Luka 13:4 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nakana kuti iwo anali ochimwa kuposa ena a mu Yerusalemu. Ife a kum'mwera vesi limeneli tinalimvetsa mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera kuphiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndi kuphanso anthu ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi madera ena. Matope aja sanasankhe. Anatenga opemphera ndi osapemphera, akulu a mpingo ndi makanda. Matenda nawonso amatero.

Ndipo kumene kuloza chala kumathera tikukudziwa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphezi. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, ife Akhristu tikudziwa kuti gogo amene akulozedwayo analengedwa m'chifanizo cha Mulungu.

Tsono wachibale akabwera ndi mawu amenewa, musakangane naye pamaso pa wodwala. Tulukani naye panja, mumuthokoze kuti akudera nkhawa, kenako mumuuze mosapita m'mbali kuti m'nyumba muno simutchula dzina la munthu. Muonetseni kabuku ka kuchipatala. Kwa ife adokotala anafotokoza kuti sitiroko inabwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene kunakhala nthawi yaitali kusakudziwika, ndipo ndinkawafotokozera achibale zomwezo mmodzimmodzi, n'kuwauza kuti nawonso akayezetse BP. Ngati mantha a ufiti akugwirani inu eni, ndipo usiku amagwiradi, musachite nawo manyazi. Itanani mkulu wa mpingo, mupemphere limodzi, muwerenge Aroma 8:38-39 pamene akuti palibe mphamvu iliyonse ingathe kutilekanitsa ndi chikondi cha Mulungu.

Mankhwala ndi aneneri

Amene tinalipo mu 1995 tikukumbukira mchape. Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga ananena kuti analota mankhwala ochiza Edzi, ndipo anthu miyandamiyanda anakwera malole ndi mabasi kukamwa. Maliro sanaleke. Anayamba kuchepa boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo lero tili ndi anzathu mumpingo amene akulera zidzukulu chifukwa chomwa mankhwalawo mokhulupirika. Ine ndimati limenelo linali yankho la mapemphero amene tinkalira nawo m'zaka zija. Mulungu amachiza kudzera m'manja mwa anthu. Mfumu Hezekiya atadwala, mneneri Yesaya yemweyo amene anabweretsa mawu a Mulungu analamulanso kuti aike nkhuyu pachithupsa (Yesaya 38:21). Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, ndipo Paulo anamutchula wokondedwa.

Sindikunena kuti aliyense wopempherera odwala ndi wonyenga. Yakobo 5:14 akutiuza kuitana akulu a mpingo kuti apemphere ndi kudzoza mafuta. Koma pali zizindikiro zoti mudzuke muzipita. Akakuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a TB pofuna kusonyeza chikhulupiriro, tulukani. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi 6 yathunthu, ndipo kusiyira panjira kumapangitsa matenda kubwerera ali osamva mankhwala. Akatchula mtengo wa pemphero, wa madzi kapena wa mafuta, tulukani. Akakuuzani kuti amene akudwalitsa m'bale wanu ndi apongozi anu, tulukani. Ndaona mabanja akugulitsa mbuzi, njinga, ngakhale kutenga katapila kuti akabzale mbewu kwa mneneri, pobwera ndalama yokwerera minibasi kupita kuchipatala palibe. Zimandipweteka mtima, chifukwa anthuwo anachita zimenezo ndi chikondi chenicheni.

Ntchito ya manja anu nayo ndi mbali ya kudalira Mulungu, choncho iphunzireni bwino. Wodwala wosatha kudzitembenuza mutembenuzeni maola awiri alionse, ndipo muziona pamsana, m'chiuno ndi ku zidendene ngati khungu layamba kufiira kapena kuda, chifukwa zilonda zimayambira pamenepo. Podyetsa, mukhazikeni tsonga, mum'patse pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Wa sitiroko asaphonye mafizo; ku Blantyre kuli malo a Kachere amene amathandiza anthu otere, ndipo zipatala zikuluzikulu zili ndi gawo la mafizo. Ngati ululu wakula, monga zimakhalira ndi khansa, funsani za chisamaliro chochepetsa ululu. Ku Queens kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo m'zipatala za maboma mumapezeka anamwino ophunzira ntchitoyi. Kumwa morphine amene adokotala alemba si tchimo, ndipo sikutanthauza kuti mwataya mtima. Munthu amene ululu wamuleka amatha kugona, kudya ndi kupemphera. Mukakhala ndi funso muli kutali ndi chipatala, kuli Chipatala cha pa Foni.

Wodwalayo nayenso ali ndi ulendo wake ndi Mulungu

Timatanganidwa ndi thupi lake mpaka kuiwala kuti mkatimo muli munthu amene akulimbana ndi Mulungu. Bambo amene ankadyetsa banja, lero akusambitsidwa ndi mkazi wake, amakwiya, amakana chakudya, nthawi zina amatembenukira kukhoma alendo akabwera kudzapemphera. Musamuumirize. Musamuuze kuti Mkhristu sakwiya. Khalani naye.

Bambo a kwathu sitiroko inawalanda mawu. Ankafuna kunena "madzi" koma pakamwa pankatuluka china, ndipo ankamenya bedi ndi dzanja lamanzere chifukwa chokhumudwa. Tsiku lina amayi a Mvano atabwera anayambitsa nyimbo ya m'buku, ija tinkaimba kuyambira ku Sande Sukulu. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, kenako mawu akutuluka, vesi lonse, besi yawo yomwe ija. Munthu wosatha kutchula dzina langa anaimba mpaka kumapeto. Anamwino anandiuza pambuyo pake kuti zimachitika kwa ambiri odwala sitiroko, kuyankhula kumatha kutayika kuimba kukadalipo. Kuyambira pamenepo madzulo tinkaimba. Yesani zimenezi ndi wodwala wanu, makamaka nyimbo zimene anaziphunzira ali mwana.

Mupatseninso ntchito. Muuzeni kuti mwana wa uje akulemba mayeso a Fomu 4, mumupempherere. Zidzukulu zikamapita kusukulu zizilowa kukatsanzika kuti aziike dzanja pamutu. Munthu amene akupempherera ena amadziwa kuti akadali wofunika m'nyumba ndi mumpingo.

Za alendo ndinene mwachidule. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyambirira pamene anakhala naye pansi osalankhula kanthu. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa kufotokoza chifukwa chimene Yobu akuvutikira, ndipo kumapeto Mulungu anawakwiyira (Yobu 42:7). Inu monga wodwazika muli ndi ufulu wouza alendo kuti acheze pang'ono, apemphere mwachidule, ndipo nkhani za anthu amene anamwalira ndi matenda omwewa akazikambire kwina.

Mdima ukakula, ndi pamene matenda akulowera ku imfa

Nthawi zina kutopa kumafika poti mumalakalaka zonse zitangotha, kenako mumadziimba mlandu chifukwa choganiza choncho. Odwazika ambiri amadutsa pamenepa, kungoti sanena. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Koma ngati mwayamba kuganiza zodzipha, kapena mwakhala masabata osagona, osadya, mukungolira, musathere pa pemphero lokha. Pitani kuchipatala cha boma mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God, ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matendawa. Amenewo ndi matenda ngati ena onse, ndipo amathandizika.

Adokotala akakuuzani kuti palibenso chimene angachite kupatula kuchepetsa ululu, chiyembekezo chachikhristu chimakhalapobe, ndipo ndi pamene chimaoneka bwino. Paulo sanawauze Atesalonika kuti asalire. Anawauza kuti asalire ngati anthu opanda chiyembekezo, chifukwa Yesu anafa nauka, ndipo ogona mwa Iye adzawatenga pamodzi naye (1 Atesalonika 4:13-14). Yesu mwini analira pamanda a Lazaro akudziwa kuti amuukitsa.

Kwathu kuno timaopa kukamba za imfa munthu akadali moyo, timati tikuitana tsoka. Koma wodwala nthawi zambiri amadziwa, ndipo amafuna kulankhula. Akayamba, musamudule ndi mawu oti "musatero, muchira". Mverani. Mwina pali m'bale amene akufuna kuyanjana naye, mwina akufuna abusa, mwina akuda nkhawa ndi ana ndi munda. Itanani anthuwo akadatha kuyankhula. Yesaya anauza Hezekiya kuti akonze za nyumba yake, ndipo Hezekiya yemweyo Mulungu anamuwonjezera zaka 15, ndiye kukonza za nyumba sikupha munthu. Muthandizeni kulemba wilo, asayine kapena adinde chala pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu, koma pepala lolembedwa bwino limatseka mikangano isanayambe. Kope imodzi muisunge kunyumba, ina mukaisungitse kwa munthu wodalirika kapena ku ofesi ya DC.